Mmene Mungasocherere Posankha Cholemba: Malangizo kwa Mlembi Watsopano ku Cape Town

Mwatsimikiza mtima kuti muyamba kulemba nkhani zogulitsa. Masana mumakhala m'gadeni ku Constantia, kapena mukuperekera mbale mu lesitilanti ku Sea Point, kapena muli pa njinga yamoto kukasiya chakudya cha eni ake. Usiku mukufuna muzikhala pansi ndi foni kapena laputopu yakale, kulemba, kutumiza kwa akonzi, n'kulandira kangachepe popanda bwana wokuimirirani pamsana. Maganizo amenewa ndi abwino ndipo ine ndimawalemekeza. Koma musanalembe chiganizo choyamba pali funso limene limakola miyendo ya ambiri: kodi ine ndizilemba za chiyani? Malangizo a kayankhidwe kabwino ali mbwee pa intaneti, ambiri ochokera kwa anthu amene sanakwerepo takisi ya ku Dunoon. Ine ndikupatsani kayankhidwe kolakwika, kofotokozedwa bwinobwino, chifukwa abale athu aluso akutayika m'njira zimenezi osadziwa n'komwe kuti ndi mmene akuyendamo. Mukazitsata mokhulupirika, chaka chitha musanaone dzina lanu pansi pa mutu wa nkhani iliyonse.

Yambani ndi kukana kusankha. Pa LinkedIn, pa Facebook ndi kumapeto kwa imelo iliyonse lembani kuti inu mumalemba chilichonse: ndale, mpira, zaumoyo, ndakatulo, zamalonda, maphikidwe, mawu olankhula pa ukwati, ngakhale CV. Dziuzeni kuti mukatero palibe kasitomala amene angakuphonyeni. Kuti njirayi ikugwetseni bwino, musaganizeko za mmene mkonzi amagwirira ntchito. Mkonzi ndi munthu wotanganidwa, maimelo omudikira ndi osawerengeka, ndipo maina a olemba amawasunga m'mutu limodzi ndi nkhani zawo: uyu ndi wa makhoti, uyu ndi wa sitima za Metrorail, uyu ndi wa zipatala. Moto utapsereza nyumba zoposa 1,000 ku Masiphumelele mu December 2020, kapena uja wa ku Imizamo Yethu mu March 2017, munthu wofunika kwa mkonzi anali wodziwa tinjira ta m'menemo, wodziwa wapampando wa komiti ndi mayi wogulitsa pakona. Wolemba chilichonse sabwera m'maganizo pa nthawi ngati imeneyo, chifukwa dzina lake silinamatirire ku kanthu. Za pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma mukuzidziwa kale, ndipo kugwa kwake kunali kwa chagada.

Kukana kusankha kukakutopetsani, sankhani potengera zimene akuti zimalipira kwambiri. Pa YouTube pali anyamata ambiri olankhula mothamanga amene akuuzeni kuti ndalama zili pa kulemba za crypto, za inshulansi ya ku America, za mapulogalamu a makompyuta a makampani, za nyumba zogulitsa ku Dubai. Tengani chimodzi chimene simunachikhudzepo chibadwire. Tsegulani akaunti pa Upwork kapena Fiverr, mukapikisane ndi anthu a ku India, Philippines, Kenya ndi Nigeria amene ali ndi nyenyezi za makasitomala a zaka zambiri. Poti inu mulibe nyenyezi ndi imodzi yomwe, tsitsani mtengo, ndipo akapanda kukuyankhani tsitsaninso. Musaganizire kuti kuyambira November 2022, pamene ChatGPT inatuluka, ntchito yotola zimene zinalembedwa kale pa intaneti n'kuzisanja mwatsopano makina amaichita m'kamphindi. Mukasankha gawo limene zonse mukudziwapo mwaziwerenga pa Google dzulo madzulo, mwasankha ndendende ntchito imene kasitomala atha kuipeza osalipira munthu. Data ithera pa kuwerenga zinthu zimene mtima wanu ulibe nazo gawo, tulo tithera pa kumasulira mawu a zachuma omwe ngakhale m'Chingerezi ndi olimba, ndipo nkhani yotulukayo idzafanana ndi nkhani zina zikwi zambiri.

Pali njira ina imene imakopa makamaka ife amene tinakula tikuwerenga Moni ndi Malawi News, n'kumakhulupirira kuti mlembi weniweni ndi wotuluka papepala. Cape Town ndi mzinda wokopa maso: Table Mountain, minda ya mphesa ya ku Stellenbosch ndi Franschhoek, mapengwini a ku Boulders, mahotela a ku Waterfront. Gamulani kuti inu ndinu wolemba za maulendo ndi zakudya m'magazini onyezimira, ndipo musafufuze ngati magaziniwo akadalipo. Mukafufuza mupeza kuti mu 2020 kampani ya Associated Media Publishing ya mumzinda momwe muno, yoyambitsidwa ndi Jane Raphaely, inatseka, ndipo Cosmopolitan ya South Africa inapita nayo. Chaka chomwecho Caxton inasiya kusindikiza magazini ake, monga Bona, Garden and Home ndi Food and Home, ngakhale ena mwa iwo anadzatengedwa ndi eni atsopano. Pofika kumapeto kwa 2024 Media24, imene likulu lake lili pa Foreshore, inasiya kutulutsa papepala City Press, Rapport, Beeld ndi Daily Sun. Kutseka kulikonse kotere kumatulutsa pabwalo atolankhani okhwima, odziwana ndi akonzi onse, amene tsopano nawonso akugulitsa nkhani paokha. Amenewo ndiwo mukukalimbirana nawo kulemba za kulowa kwa dzuwa ku Camps Bay.

Pano pali pofunika kusamala kuti musapulumuke mwangozi. Ngati mwaperekera vinyo zaka zingapo ku Franschhoek, ndiye kuti mukudziwa zinthu zimene mlendo wobwera kudzalawa sadziwa: mmene tipi imagawidwira usiku shifiti ikatha, zimene zimachitikira ogwira ntchito nyengo ya alendo ikadutsa ndipo matebulo ali mbee mu June, mmene munthu wa ku Nkhata Bay amaphunzirira kusiyanitsa Chenin Blanc ndi Sauvignon Blanc asanamwepo vinyo kwawo. Mukalemba zimenezo mukhoza kumveka. Choncho lembani ngati mlendo. Tamandani mapiri, tamandani mbale, bisani kuti inu ndi amene munainyamula.

Apa tafika pa njira imene imagwetsa anthu kuposa zonse, imenenso imandiwawa mtima kuposa zonse: nyozani zimene mukuzidziwa.

Tinene kuti mwagwira ntchito m'gadeni zaka zambiri. Mukudziwa kuti kuno mvula imagwa nthawi yozizira, June mpaka August, mosemphana ndi kwathu, moti wobzala potsata nyengo za ku Dedza sakolola kanthu. Mukudziwa mmene mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imawaulira masamba mu December ndi January, mmene mchenga wa ku Cape Flats umamwera madzi osasunga ndi dontho lomwe, ndiponso kuti maluwa a protea mukawathira feteleza wa fosifeti wambiri amafa. Munali pano mu 2018 pamene mzinda unalamula kuti munthu asapyole malita 50 a madzi patsiku. Munaona kapinga wa adona akuuma pamene zomera za m'dziko lino zikupirira, ndipo ndinu amene munkanyamula ndowa za madzi osambira kukathirira mandimu kuseri kwa nyumba. Mwaonapo timabowo ting'onoting'ono pa thunthu la mtengo, tokhala ndi kaufa m'mphepete, chizindikiro cha kachilombo ka shot hole borer kamene kanapezeka ku Somerset West mu 2019 n'kudzafika ku Newlands ndi madera oyandikira mu 2023. Zonsezi ziyeseni zachabechabe. Nenani mumtima kuti munayamba kulemba pofuna kuthawa fosholo, ndiye simungalembenso za fosholo. Musaganize za malo ogulitsira mbande amene amatumizira makasitomala awo makalata a malangizo mwezi ndi mwezi, za makampani okonza mabwalo amene amafuna nkhani pa mawebusaiti awo, kapena za masamba a zamaluwa m'magazini amene atsala. Onsewo amafuna munthu wodziwa dothi la kuno, ndipo si olemba onse a zamaluwa amene agwirapo fosholo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Achemwali amene mumagwira ntchito ya m'nyumba, kwa inu n'kosavutanso. Chitani manyazi ndi yunifomu, ndipo musalole kuti nkhani zanu zinunkhe sopo. Iwalani kuti kuyambira 2022 malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba anafanana ndi a antchito ena onse, ndi kuti pa 1 March 2025 anafika pa R28.79 pa ola. Iwalani za Maria Mahlangu, amene anamira m'dziwe losambiramo la abwana ake ku Pretoria mu 2012, ndi za mwana wake Sylvia, amene mlandu wake unachititsa Khoti la Malamulo Aakulu kugamula mu November 2020 kuti antchito a m'nyumba nawonso ayenera chipukuta misozi akavulala kapena kufera pa ntchito. Iwalaninso kuti mu 2008 Khoti la za Ntchito linagamula kuti mlendo amene pemiti yake inatha akadali wantchito pamaso pa lamulo, ndipo atha kukadandaula ku CCMA akachotsedwa mopanda chilungamo. Mu takisi ya m'mawa yopita ku Hout Bay mumakhala amayi amene sanamvepo zimenezi, amene achotsedwapo ntchito ndi meseji ya pa foni n'kungoti Mulungu adziwa. Munthu wodziwa malamulowa, wodziwanso mmene zimakhalira ukatsala wekha ndi adona m'khitchini pa tsiku la malipiro, ali ndi gawo limene angalembepo zaka khumi osalimaliza. Kuti mulephere, lisiyireni ophunzira a ku UCT amene amabwera ndi mafunso olembalemba, inu muzikalemba za zovala za anthu otchuka.

Chimodzimodzi ndalama. Mwezi uliwonse mumatumiza kumudzi kudzera pa Mukuru kapena Mama Money, makampani amene malikulu awo ali mumzinda uno. Mumayerekeza mitengo ya randi musanatumize, mumadziwa kusiyana kwa mtengo wa ku banki ndi wa pamsewu, ndipo mukukumbuka mmene zinthu zinasinthira kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023, achibale n'kumaimba kuti feteleza wakwera ndipo zimene munatumiza sizikwaniranso. Anthu ena amalipidwa kuti afufuze zimene inu mumachita pa foni muli chiimire pa mzere wa ku Shoprite. Musazitche ukatswiri. Zitcheni mavuto basi.

Ndipo za maliro musazikhudze konse, ngakhale kuti palibe Mmalawi wa kuno amene sanazionepo. Uthenga umalowa m'gulu la WhatsApp usiku: m'bale wathu watisiya ku chipatala, kwawo ndi kwa mfumu yakuti, boma lakuti. M'mawa mndandanda wayamba, dzina ndi R100, dzina ndi R200, wina R50 ndi mawu opepesa kuti sanalandire. Amene wapereka amamuikira kachizindikiro kobiriwira, ndipo msungichuma amatumiza chiwerengero madzulo alionse kuti pasakhale wonena zambiri. Kenako mapepala: kalata ya imfa, kalata yoti thupi lakonzedwa, chilolezo chotulutsira thupi m'dziko, makalata a ku ofesi ya kazembe wathu. Kenako ulendo wa makilomita oposa 3,000, kudutsa Johannesburg, Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, bokosi lili m'ngolo kumbuyo. Anthu osauka, ambiri opanda mapepala okwanira, amayendetsa zonsezi mwadongosolo limene makampani a inshulansi angafune kulimvetsa, ndipo kwathu achibale amangoona galimoto ikufika osadziwa kuti ndalamazo zinasonkhedwa bwanji. Inu muziti imeneyi si nkhani chifukwa aliyense akuidziwa. Musadzifunse kuti aliyenseyo ndi ndani. Owerenga Daily Maverick sakuidziwa. Owerenga Weekend Nation ku Lilongwe akudziwa theka lake.

Kuti mtima usakutsutseni pa zonsezi, pewani kuwerenga mbiri ya Clements Kadalie. Mtonga ameneyu, wobadwira ku Chifira m'boma la Nkhata Bay mu 1896 n'kuphunzira ku Livingstonia, anafika mumzinda uno mu 1918 atagwirako ntchito ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia. Mu January 1919 anayambitsa bungwe la antchito la ICU pakati pa onyamula katundu a padoko, ndipo mu December chaka chomwecho antchito a padokopo ananyanyala ntchito. Bungweli linadzakhala ndi nyuzipepala yake, The Workers' Herald, ndipo Kadalie ankalembanso m'magazini ya The Messenger ya ku New York, ya A. Philip Randolph. Iye anali mtsogoleri wa antchito, kulemba kunali mbali chabe ya ntchitoyo. Koma taonani chimene chinachititsa akonzi a kutsidya la nyanja kufuna mawu a mlendo wochokera ku Nyasaland: ankalemba za malipiro ndi mazunzo a anthu amene ankakhala nawo tsiku ndi tsiku. Padoko pamene anayambira mpomwe ena a inu mumadutsa m'mawa uliwonse popita ku Waterfront. Dutsani mutayang'ana pa foni.

Tsono wina amva zimenezi n'kunena kuti basi, gawo langa ndalipeza, ine ndine wolemba za Amalawi a ku Joni. Nayenso njira yake yogwera ilipo, ndipo ndi yakuya.

Choyamba, asafunse kuti wolipira ndani. Atsegule tsamba pa Facebook, azilemba m'Chichewa chokoma usiku uliwonse, anthu azimuyamikira kuti achimwene mwalasa, ndipo aziyesa kuti kuyamikirako ndi msika. Chichewa ndimachikonda, ndipo ndikufuna chilembedwe kwambiri kuposa mmene chikulembedwera. Koma malo olipira nkhani za m'Chichewa ndi ochepa: masamba ngati Tamvani wa mu Weekend Nation ndi Tikambe wa mu Malawi News, mawayilesi, ndi mabungwe ofuna kuti uthenga wawo umasuliridwe. Malipiro a kwathu ndi a kwacha, pamene lendi ya ku Capricorn ndi ya randi. Wofuna kudya ndi cholembera kuno amayenera kudziwa kuti nkhani imodzi ili ndi makomo angapo. GroundUp, imene inayamba mumzinda uno mu 2012, imalemba za ufulu wa anthu wamba, za nyumba, za antchito ndi za obwera, ndipo nkhani zake nyuzipepala zina zimaloledwa kuzisindikizanso mwaulere, kotero dzina la wolemba limayenda. The Continent, imene inayamba mu 2020 ndipo imafika kwa owerenga pa WhatsApp, imatenga nkhani kuchokera m'maiko ambiri a mu Africa. Khomo lililonse lili ndi utali wake wa nkhani ndi kalankhulidwe kake. Wofuna kulephera asawerenge ndi imodzi yomwe mwa nyuzipepalazi. Alembe nkhani imodzi yaitali, aitumize kwa onse tsiku limodzi, mawu ake omwewo.

Chachiwiri, gawolo alisiye lotambalala. Amalawi a kuno ndi anthu osiyanasiyana: Ayao a ku Mangochi amene amaswali limodzi ndi Asilamu a ku Cape, Atumbuka a ku Mzimba amene agogo awo anapita ku migodi pa Wenela Kamuzu asanaimitse ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ophunzira a ku UWC ndi Stellenbosch, anamwino, osoka zovala, ana obadwira kuno amene amayankha m'Chixhosa ukawafunsa m'Chichewa. Kunena kuti ndimalemba za Amalawi kuli pafupi kwambiri ndi kunena kuti ndimalemba chilichonse. Amene amadziwika ndi amene anagwira chingwe chimodzi, monga sukulu za ana opanda kalata yobadwira, kapena ngozi za anyamata a njinga zamoto, n'kuchitsata mpaka anthu atayamba kumuimbira okha.

Chachitatu ndi chimene ndikupemphani kuti muchimvetse bwino, chifukwa kulakwa kwake kumapweteka ena, osati inu nokha. Gulitsani misozi ya abale anu. Mukaona kuti nkhani za kuzunzika zimayenda, sakani zokhazokhazo. Lembani dzina lenileni la mayi amene masiku ake a pa pasipoti anatha kalekale, tchulani msewu umene amakhala, jambulani nkhope yake pakhomo pa kanyumba kake ka malata, ndipo musamufotokozere kuti nkhaniyo ikatuluka idzawerengedwa ndi aliyense, abwana ake ndi apolisi omwe. Mmalawi amalowa m'dziko lino popanda viza kwa masiku 30 okha, ndipo tilibe pemiti yapadera ngati imene anapatsidwa a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho. Wopyola masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka, kapena zaka zisanu ngati wapyola ndi masiku oposa 30, ndipo wogwidwa amatha kukathera ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kutumizidwa kwawo. Nkhani imodzi yosasamala ikhoza kumuchotsa munthu ntchito imene ikuphunzitsa ana atatu ku Chiradzulu. Ikatero, mbiri imayenda msanga m'matchalitchi ndi m'mizikiti, ndipo khomo lililonse limene linkakutsegukirani chifukwa ndinu wakwathu lidzatsekeka. Gawo limene munali nalo mwaulere mudzakhala mutaliwotcha ndi manja anu.

Pafupi ndi pamenepa pali kulemba za malamulo potengera mavoisi a pa WhatsApp. Wina wanena kuti boma latsegula mapemiti a Amalawi, inu lembani msanga anzanu asanakupambaneni. Musapite ku Scalabrini Centre pa Commercial Street kukafunsa odziwa, musatsegule Government Gazette, musaimbire loya. Anthu adzapereka ndalama zawo kwa akamberembere chifukwa anawerenga kwa inu.

Palinso njira yofatsa, yoyenera anthu osamala, ndipo ndi imene yameza aluso ambiri amene ndimawadziwa. Dikirani mpaka mutatsimikiza. Musatumize kalikonse kwa mkonzi aliyense musanapeze gawo lenileni la moyo wanu wonse. Gulani kope, lembani mbali iyi zimene mumakonda, mbali iyo zimene zimalipira. Lipirani kosi ya pa intaneti yophunzitsa kusankha. Konzani logo, sinthani logo, funsani anzanu za mtundu wa logo. Loweruka pitani ku Central Library pa Darling Street, pafupi ndi Grand Parade, khalani pa kompyuta ya SmartCape imene mzinda umapereka mwaulere, ndipo nthawi yanu yonse ithere pa kuwerenga malangizo ena a kasankhidwe. Chimene njirayi imabisa n'chakuti gawo silidziwika munthu ali chikhalire. Umatumiza maganizo a nkhani kwa akonzi, ena osayankha, wina n'kuyankha kuti iyi ayi koma ija mwatchula kumapetoyo tailembani. Umalemba, ikatuluka wina amakuimbira kuti nanenso zinandichitikira, ndipo nkhani yachiwiri yabadwa. Pakapita nthawi umazindikira kuti pali nkhani zimene ukamalemba sutopa, zimene anthu amakuuza zambiri kuposa zimene wafunsa, zimenenso mkonzi amayankha msanga. Pamenepo mpamene pali gawo lako, ndipo nthawi zambiri silikhala limene unalemba m'kope muja. Ntone Edjabe, wochokera ku Cameroon, ankalemba za nyimbo ndi kuimba mbale m'makalabu ndi pa wayilesi ya Bush Radio asanayambitse magazini ya Chimurenga mumzinda uno mu 2002. Magaziniyo inatuluka m'ntchito imene ankagwira kale. Inu khalani ndi kope lanu.

Mukapezeka kuti mwatumiza ndithu, mkonzi n'kukhala chete, tengani kukhala cheteko ngati chigamulo pa gawo lonse. Musakumbutse pakatha sabata, musatumize kwina, musayang'anenso ngati maganizo anu anali omveka m'ndime imodzi. Sinthani gawo. Mwezi uno zaulimi, mwezi wamawa zamasewera. Kapena chitani zosiyana ndi zimenezo, zimene mapeto ake ndi amodzi: lumbirani kuti inu ndinu wa ndakatulo basi, ndipo bungwe likakupemphani kuti mulimasulirire kapepala ka za katemera m'Chichewa, kapena kampani yotumiza ndalama ikafuna wolemba mauthenga opita kwa makasitomala a ku Malawi, kanani poti zimenezo si za gawo lanu. Chonsecho ntchito zazing'ono ngati zimenezo ndi zimene zimagula magetsi pamene nkhani yaikulu ikudikira yankho, ndiponso zimakulowetsani m'maofesi mmene nkhani zina zimayambira.

Chotsalira ndi kusankha gawo osayang'ana mmene gawolo limalipirira. Nyuzipepala zambiri zimalipira nkhani ikatuluka, ena powerenga mawu, ena pa nkhani yonse. Makampani amafuna invoyisi, ndipo ambiri amalipira pakatha masiku 30 kapena kuposa. Bungwe la olemba ndi ojambula odziimira paokha la SAFREA limafalitsa mitengo imene anthu a ntchitoyi amalipiritsa, ndipo inu musaione, kuti wina akakufunsani mtengo muzingoti mupereke zimene mungathe. Gwirani ntchito musanagwirizane kalikonse polemba. Za SARS musazifunse, mudzadabwe tsiku limene kampani ina idzakuduleni msonkho musanalandire. Ndipo koposa zonse musayang'ane pepala lanu. Chidindo cha masiku 30 sichilola munthu kugwira ntchito, ndipo banki imafuna mapepala oyenera musanatsegule akaunti. Izi zimakhudza kasankhidwe kanu mwachindunji, chifukwa zimanena kuti ndani angakulipireni, kudzera kuti, ndipo pa dzina la yani. Wina zimamuyendera bwino kulembera nyuzipepala za kwathu ngati mtolankhani wa kunja, ndalama n'kumalowa ku akaunti ya ku Malawi kapena pa Airtel Money kuti zithandize kumudzi. Wina amayenera kuyamba wakonza mapepala, kulemba kukudikira. Inu musaganize zonsezi. Lembani nkhani yabwino, ya miyezi iwiri ya thukuta, ndipo akakufunsani nambala ya akaunti perekani ya mnzanu wogona naye nyumba imodzi, amene December akubwerayu akukwera basi ya kumudzi ndipo sananene kuti abwerera liti.